Mukadwala ku Joni: kiliniki ya boma, dokotala wolipira, mabungwe kapena basi yobwerera kumudzi?

Mmalawi akakhala ku South Africa miyezi ingapo amakhala atadziwa zambiri. Amadziwa komwe kumapezeka usipa, amadziwa tsiku limene kutumiza ndalama kumudzi kukupindulitsa, amadziwanso wa thiransipoti amene sasoweretsa anthu katundu pa Beitbridge. Chimene ambiri sadziwa ndi komwe kuli kiliniki ya dera lawo. Amadzaifunafuna tsiku limene thupi lakana kudzuka, kapena usiku umene mwana watentha thupi, ndipo nthawi imeneyo munthu sasankhanso. Amangolowera kumene mnzake wa chipinda choyandikana wamulozera.

Njira zopezera thandizo zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pa mtengo, pa kufulumira komanso pa matenda amene zingathane nawo. Maganizo anga ndinenerepo pano: kwa munthu amene amadya za m'munda mwa bwana, za ntchito ya m'nyumba, za pa shopu kapena za zomangamanga, tsinde la zonse ndi kiliniki ya boma, ndipo fayilo yake kumeneko iyenera kutsegulidwa matenda asanamugwetse. Njira zinazo zimalowerera pamene kiliniki yalephera. Komatu malo amene imalepherawo alipo, ndipo si ochepa.

Mapepala anu amasintha chiyani?

Boma la South Africa limagawa alendo m'magulu. Pali othawa kwawo amene linawavomereza, omwe amakhala ndi chikalata cha gawo 24 la lamulo la othawa kwawo la 1998. Pali amene anapempha kuti avomerezedwe ndipo akudikira yankho, omwe amayenda ndi pepala la gawo 22 lija anthu amangolitchula kuti asylum. Pali a chilolezo chogwira ntchito kapena chophunzira. Ndiye pali amene analowa ndi pasipoti n'kupatsidwa masiku 30 pa chipata, masikuwo n'kutha iwo akadali momwemo. Tisanamizane, Amalawi ochuluka ali m'gulu lomalizali. Ku Malawi kulibe nkhondo, ndipo njala kapena kusowa kwa ntchito si zifukwa zimene lamulo limawerengera pofuna kuvomereza munthu kuti ndi wothawa kwawo. N'chifukwa chake uphungu umene ungathandize mnzathu wochokera ku DRC kapena ku Somalia nthawi zina sugwira kwa ife.

Pa nkhani ya chipatala, kusiyana kumeneku n'kochepa kuposa momwe mantha amatiuzira. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 limapereka ufulu wofikira thandizo la chipatala kwa munthu aliyense, osati nzika zokha, ndipo limaletsa kubweza munthu amene ali pa ngozi yofunika thandizo lamsangamsanga. Lamulo la zaumoyo la 2003, National Health Act, limanena kuti thandizo loyambirira la pa kiliniki ndi laulere kwa aliyense amene alibe medical aid, ndondomeko imene munthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti izimulipirira kuchipatala. Mapepala amayamba kulemera pokhapokha matenda akakula, ndipo tifikako.

Kiliniki ya boma

Kuno n'kumene kumapezeka zinthu zimene munthu wamba amazifuna chaka ndi chaka: kuyezetsa magazi, ma ARV, mankhwala a TB, a shuga ndi a BP, sikelo ya amayi oyembekezera, katemera wa ana, njira zakulera, kutsuka ndi kumanga mabala. Zonsezi sulipira. Amene amakuonani nthawi zambiri ndi nesi, osati dokotala, koma manesi a kumeneko amaphunzitsidwa kuyambitsa munthu pa ma ARV ndi kulemba mankhwala a matenda ambiri. Akaona kuti zawapitirira amakulemberani kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, ndipo kalata imeneyo ndi yamtengo wapatali kuposa momwe imaonekera.

Mtengo wake weniweni ndi tsiku lanu. Mzere umayamba kusanache, makiliniki ambiri amatseka madzulo ndipo satsegula Loweruka ndi Lamlungu. Kwa munthu wa ganyu amene amalipidwa patsiku, kukhala pa benchi kuyambira mamawa mpaka masana ndiye kuti ndalama ya tsikulo yapita. Pali malo akuluakuluko otchedwa Community Health Centre, monga ya ku Hillbrow mu Johannesburg, amene ena mwa iwo amalandira odwala mwadzidzidzi ndi amayi ochira usana ndi usiku. Fufuzani kuti yapafupi ndi inu ndi iti, lero, muli bwino.

Pawindo lotsegulira fayilo amafunsa chiphaso ndi umboni wa komwe mumakhala. Tengani pasipoti ngakhale masiku anatha, kapena chiphaso chaunzika cha ku Malawi, kapena kope yake. Umboni wa komwe mukukhala ungakhale kalata ya eni nyumba, kapena afidaviti, kalata yolumbira imene amadinda ku polisi popanda kulipira. Amene mtima sukuwalola kuponda ku polisi angapemphe kalata kwa khansala wa dera. Kalaliki wa pawindo si wa Home Affairs, unduna woona za ziphaso ndi zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ntchito yake si yoona ngati masiku anu atha.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimadana nacho: kubwereka khadi ya kiliniki kapena dzina la munthu wina amene mapepala ake ali bwino. Zimaoneka ngati nzeru. Koma m'fayilo ya mwini wakeyo muli mbiri ya thupi lake, mankhwala amene amamwa ndi amene amamuwenga, ndipo nesi adzakuthandizani potsata zimenezo. Mayi akachira pa dzina lobwereka, mwana amalembedwa kuti anabadwa kwa munthu wina, ndipo kukonza zimenezo kumatenga zaka. Zikavuta munthu n'kumwalira, achibale amalimbana ndi chikalata cha imfa cholembedwa dzina la munthu amene ali moyo, pamene thupi likudikira ulendo wa kumudzi.

Chenjezo lina ndi la malungo. Ku Johannesburg, Cape Town ndi mizinda ina yambiri kulibe udzudzu wofalitsa malungo. Matendawa amapezeka mbali zina za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal basi. Nesi wa ku Gauteng akaona munthu wotentha thupi, mutu ukuwawa, mafupa akuphwanya, zimene zingamubwerere msanga ndi chimfine. Ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi, kapena mwadutsa ku Tete masabata apitawa, nenani musanafunsidwe ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo. Munthu amene wakhala zaka kunja chitetezo chake ku malungo chimatsika, moti amamugwira mwamphamvu kuposa abale ake amene sanachoke.

Pa geti pakaima anthu

Sitingakambe za kiliniki ya boma osatchula zimenezi. Mu 2022 gulu la Operation Dudula linkaima pa geti la chipatala cha Kalafong ku Pretoria n'kumabweza anthu amene linkawaganizira kuti ndi alendo. Mu 2025 mchitidwewu unafalikira ku makiliniki angapo a ku Gauteng, ndipo ku Durban gulu la March and March linkachita zomwezo pa chipatala cha Addington. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti Operation Dudula ilibe mphamvu yofunsa munthu chiphaso kapena kumutsekereza kuchipatala. Ofunsa mapepala ndi apolisi ndi a Home Affairs okha.

Chigamulo ndi chabwino, koma sichiyenda nanu m'mawa umenewo. Mukawapeza pa geti musalimbane nawo, makamaka ngati muli ndi mwana kumsana. Sungani tsiku, nthawi ndi dzina la kiliniki, pitani ku kiliniki ina kapena bwererani nthawi ina, kenako kanenani ku mabungwe amene ndiwatchule m'munsimu. Chimene simuyenera kuchita ndi kungokhala pakhomo mankhwala atatha.

Chipatala chachikulu cha boma

Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Charlotte Maxeke ndi Helen Joseph ku Johannesburg, Groote Schuur ndi Tygerberg ku Cape Town: maina awa amamveka, ndipo anthu amaganiza kuti kupita komweko mwachindunji ndiye kufupikitsa njira. Kumakhala kutalikitsa. Popanda kalata yochokera ku kiliniki, ndipo matenda anu asali adzidzidzi, akubwezani kapena mukhala tsiku lonse. Pa ngozi yeniyeni, monga kubayidwa, kugundidwa ndi galimoto, kutaya magazi kwambiri kapena kubanika, pitani pomwepo. Ambulansi ya boma imaitanidwa pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Kuchipatala chachikulu ndiye kumene ndalama zimalowa, ngakhale kwa eni dziko. Odwala amaikidwa m'magulu potengera zimene amapeza pachaka. Gulu la H0 sililipira, ndipo ndi la anthu monga olandira thandizo la boma. H1 ndi la amene amapeza ndalama zosapitirira R70,000 pachaka payekha kapena R100,000 pabanja, ndipo amalipira pang'ono kwambiri. H2 ndi H3 amakwera motero. Pamwamba pake pali olipira mtengo wonse, ndipo m'menemo ndi mmene mumaikidwa alendo obwera kudzacheza kapena kudzafuna chipatala.

Apa pali mfundo imene Amalawi ambiri sanaimvepo. Ndondomeko ya boma ya mitengo ya m'zipatala imati othawa kwawo, odikira yankho la asylum komanso nzika za maiko a SADC zimene zilibe mapepala ziyenera kuyesedwa zimene zimapeza mofanana ndi nzika za South Africa, osati kulipitsidwa mtengo wonse. Malawi ali mu SADC. Zimachitika kuti wa pawindo akaona pasipoti yachilendo amangokuikani m'gulu lodula osafunsa kalikonse. Pemphani mwaulemu kuti akuyeseni malipiro, ndipo khalani ndi pepala la malipiro anu, kalata ya bwana kapena afidaviti yonena kuti simuli pantchito. Bilu ikabwera yaikulu musaithawe. Ofesi ya zachuma ya pachipatalapo ingathe kuunikanso gulu lanu kapena kugwirizana nanu zolipira pang'onopang'ono.

Dokotala wolipira, famase ndi makiliniki a manesi

Dokotala wa pulaiveti wa m'lokeshoni kapena m'tauni amagulitsa chinthu chimodzi chachikulu: nthawi. Mumalowa, mumalipira ma rand mazana angapo, ena amakupatsirani mankhwala pomwepo, ndipo safunsa za masiku a m'pasipoti. Ngati abwana akufuna kalata ya dokotala, imene lamulo la ntchito limawalola kuifunsa mukajomba masiku oposa awiri otsatizana, kumeneku mumaipeza msanga. Pa matenda obwera n'kupita, monga chifuwa, zilonda za pakhosi kapena matenda a m'chikhodzodzo, nthawi zina kulipira dokotala kumatchipa kuposa kutaya ganyu ya tsiku lonse pa mzere.

Pa matenda okhalitsa masamu amatembenuka. Shuga, BP ndi HIV zimafuna mankhwala mwezi ndi mwezi komanso kuyeza magazi ku labu, ndipo ku pulaiveti chilichonse chili ndi mtengo wake. Anthu amayamba bwino, mwezi wina ntchito n'kuvuta, mankhwala n'kudukiza.

Pakati pa ziwirizi pali makiliniki oyendetsedwa ndi manesi, monga a Unjani amene amakhala m'makontena m'malokeshoni, komanso zipinda za nesi za m'mafamase a Clicks ndi Dis-Chem. Mtengo wake umatsikirapo poyerekeza ndi dokotala. Ndi abwino poyezetsa BP ndi shuga, pa jakisoni wakulera, pa katemera ndi pa matenda ang'onoang'ono. Famase payokha ingakugulitseni mankhwala a mutu, a chimfine ndi a m'mimba, koma ma antibiotic safuna kupereka popanda kalata ya dokotala. Musakwiye nazo. Makapisozi amene amagulitsidwa m'zikwama ndi anthu obwera nawo pa basi, osadziwika kuti akhala padzuwa masiku angati, ndiwo oyenera kuwaopa.

Zipatala zikuluzikulu za pulaiveti, za Netcare, Mediclinic ndi Life, sindikhalitsapo. Popanda medical aid amafuna ndalama zambiri patsogolo musanagonekedwe. Pa ngozi lamulo limawakakamiza kukupulumutsani kaye, koma mukangokhazikika amakutumizani ku boma ndipo bilu imatsatira. Medical aid yeniyeni imafuna malipiro okhazikika, akaunti ya kubanki ndi mapepala abwino, ndipo ingakudikiritseni miyezi 3 musanayambe kuthandizidwa, kapena miyezi 12 pa matenda amene munali nawo kale. Tima inshuwalansi totchipa timene timatsatsidwa pa foni si medical aid. Werengani zimene timalipira musanasaine.

Amayi oyembekezera ndi ana

Apa palibe chopikisana ndi boma. Lamulo la 2003 lija limapereka thandizo laulere kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6, ku kiliniki komanso kuchipatala chachikulu. Zipatala zina ku Gauteng zinkalipitsabe amayi achilendo, mpaka bungwe la SECTION27 linatengera nkhaniyi kukhoti. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linatsimikiza kuti ufuluwu suyang'ana dziko lochokera kapena mapepala, ndipo linalamula kuti zikwangwani zonena zimenezi zipachikidwe m'zipatala. Amene sawerengedwa pa ufuluwu ndi anthu a medical aid komanso amene anabwera m'dzikomo n'cholinga chodzalandira thandizo la chipatala basi.

Yambani sikelo msanga, mimba isanakwane masabata 20. Mayi amene wangotulukira tsiku lochira alibe khadi amawapatsa anamwino ntchito yovuta, chifukwa sadziwa za BP yake, magazi ake kapena ngati ali ndi kachilombo. Sikelo ya pulaiveti yojambulitsa mwana m'mimba ndi yabwino ngati muli nazo, koma isalowe m'malo mwa khadi ya boma, poti kochirira kwake n'komweko.

Mwana akabadwa musatuluke opanda zinthu ziwiri: pepala la chipatala lotsimikiza kubadwa kwake ndi buku lake la sikelo, Road to Health. Kubadwako kukalembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30. Kubadwira ku South Africa pakokha sikupanga mwana wa makolo achimalawi kukhala nzika ya kumeneko, koma popanda mapepala amenewa zidzavuta kumupezera zikalata ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg.

Mayi kapena mwana amene wagwiriridwa apite ku Thuthuzela Care Centre, zimene zimakhala m'zipatala zina za boma, kapena kuchipatala chilichonse pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Nambala yaulere ya ochitidwa nkhanza ndi 0800 428 428.

Ma ARV: kutenga konkuno kapena kutumiziridwa?

Ambiri amachoka kumudzi ndi mabotolo a miyezi ingapo, kenako m'bale amakawatengera ku chipatala cha kwawo n'kupatsira a basi. Chifukwa chake n'chomveka: palibe mzere, palibe mafunso, palibe woyandikana naye nyumba wokuonani pa kiliniki. Koma njira imeneyi ili ndi mabowo. Basi imachedwa, phukusi limasowa, m'bale amatopa. Choopsa kwambiri n'chakuti palibe amene akuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi mwanu, ndiye mankhwala akasiya kugwira mudzadziwira pa matenda.

Kusamutsa si kovuta monga momwe anthu amaopera. Mankhwala amene akuluakulu ambiri amamwa ku Malawi, aja a 13A, ndi omwewo amene ku South Africa amawatchula TLD: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir m'piritsi limodzi. Pemphani kalata ya thiransifa ku kiliniki ya kwanu, nyamulani buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati zonsezi mulibe tengani botolo lenilenilo mukalionetse. Magazi akaonetsa kuti muli bwino, pemphani kulowa mu ndondomeko ya CCMDD, imene imakulolani kukatengera mankhwala pamalo ena apafupi, kuphatikizapo mafamase ena, osaimanso pa mzere wa kiliniki. Imathandizanso a shuga ndi a BP.

TB ndiye isayesedwe n'komwe kuchizira patali. Mankhwala ake ndi a miyezi 6 osadukiza, aulere, ndipo m'zipinda zimene timagona anthu asanu zenera lili lotseka chifukwa cha kuzizira, mmodzi akadwala onse ayenera kukayezetsa.

Mabungwe ndi maloya

Anthu amapita ku mabungwe akuyembekeza dokotala kapena ndalama ya lendi, n'kubwerako okhumudwa. Mabungwe ambiri othandiza alendo sachiza. Ntchito yawo ndi kutsegula chitseko chimene chatsekedwa mosatsata lamulo. Lawyers for Human Rights, amene ali ndi maofesi ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Musina, amathandiza pa nkhani za mapepala, kumangidwa ndi kusungidwa ku Lindela, malo osungirako alendo amene akudikira kubwezedwa kwawo. SECTION27 imalimbana ndi nkhani za chipatala ndi sukulu. Scalabrini Centre ku Cape Town imapereka uphungu wa mapepala, maphunziro a Chingerezi ndi thandizo pofunafuna ntchito. Jesuit Refugee Service ku Gauteng imayang'ana kwambiri othawa kwawo ndi a asylum. Mayunivesite monga Wits ndi UCT ali ndi maofesi a maloya othandiza ovutika. Madandaulo a momwe chipatala chakuchitirani angapite kwa woyang'anira chipatalacho, ku ofesi ya Health Ombud kapena ku South African Human Rights Commission.

Dziwani ziwiri. Thandizo la chakudya kapena ndalama lochokera ku mabungwe ogwira ntchito ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, ndi la othawa kwawo ndi a asylum, ndipo ngakhale iwowo silimawakwanira. Mmalawi wobwera kudzafuna ntchito asaliwerengere. Chachiwiri, dziko la America litadula thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, makiliniki angapo a mabungwe amene ankapereka thandizo la HIV anatsekedwa. Malo amene mnzanu anathandizidwako zaka zitatu zapitazo mwina kulibenso, choncho funsani musanawononge ndalama ya takisi.

Mukapita kwa loya tengani zogwirika: bilu, malisiti, tsiku, dzina la chipatala. Kungonena kuti anatinyoza sikumupatsa poyambira.

Sukulu, ntchito ndi ndalama za boma

Mwana wopanda mapepala ali ndi ufulu wophunzira. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti sukulu za boma zisabweze kapena kuchotsa ana chifukwa chosowa chikalata chobadwira kapena chilolezo, ndipo afidaviti ya kholo ingagwire ntchito m'malo mwake.

Pa ntchito, khoti la zantchito linanena mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo amene chilolezo chake chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Mukachotsedwa mopanda chilungamo mungadandaule kwaulere ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30. Malipiro ochepetsetsa, amene mu Malichi 2025 anafika R28.79 pa ola ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka, ndi a wantchito aliyense. Mukavulala pa ntchito nenani kuchipatala kuti mwavulalira pa ntchito, chifukwa pali thumba la chipepeso limene abwana amayenera kulembetsako antchito awo, ndipo kuyambira mu Novembala 2020 antchito a m'nyumba nawonso amawerengedwa.

Ndalama za SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo kwa ovutika, monga za ana ndi za okalamba, ndi za nzika, okhala mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Wina akakuuzani kuti akulowetsani mukamupatsa kenakake, akufuna kukudyerani.

Mpingo, mzikiti ndi gulu la kwanu

Zimene boma ndi mabungwe sangachite, amachita ndi awa. Ndi amene amaperekeza wodwala amene Chizulu kapena Chingerezi chimamuvuta, amene amamuphikira phala, amene amasonkha ya lendi mwezi umene wagona. Gulu la maliro, kaya la anthu a boma limodzi kaya la pa mpingo, ndi lofunika kulowa mukangofika, chifukwa kunyamula thupi kuchoka ku Johannesburg kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique mpaka kumudzi kumadya ndalama zimene banja limodzi silingapeze pa sabata imodzi. Funsani amene amasunga ndalama, komwe zimasungidwa, ndi miyezi ingati imene muyenera kusonkha musanayambe kuwerengedwa.

Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Koma mtsogoleri aliyense amene angakuuzeni kuti mutaye ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa mwachiritsidwa, sadzakhalapo tsiku limene mudzagonekedwe.

Nanga kubwerera kumudzi?

Funso limeneli limabwera matenda akakula, ndipo apa mpamene mapepala amaluma. Thandizo lodula kwambiri, monga kusefa magazi kwa odwala impso kwa nthawi yaitali, limaperekedwa mosankha ngakhale kwa eni dziko chifukwa makina ndi ochepa. Zipatala za boma zimayang'ana amene angathe kudzaikidwa impso ina, ndipo lamulo sililola kuika chiwalo mwa munthu amene si nzika kapena wokhala mokhazikika popanda chilolezo cha nduna. Mu 2019 mayi wina wa ku Ethiopia wa pepala la asylum anapita kukhoti pa nkhani yomweyi ndipo sanapambane. Palinso lamulo la NHI, lokhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, limene linasainidwa mu Meyi 2024, lomwe limachepetsa thandizo la a asylum ndi opanda mapepala kufika pa zadzidzidzi ndi matenda opatsirana oopsa basi. Silinayambe kugwira ntchito mokwanira ndipo likutsutsidwa m'makhoti, koma likuonetsa kumene mphepo ikulowera.

Kumudzi zipatala za boma sizilipitsa, mumalankhula chilankhulo chanu, ndipo pali wokudikirirani pa bedi. Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe ali ndi makina osefa magazi, ngakhale odwala amachuluka kuposa makinawo. Tonse tikudziwanso kuti mankhwala amasowa, moti amakulemberani kuti mukagule, ndipo zipatala za mishoni zimalipitsa. Pa opaleshoni yovuta kapena pa matenda ofuna zipangizo zambiri, munthu amene walowa kale m'ndondomeko ya chipatala chachikulu ku South Africa ndipo ali ndi tsiku loonana ndi dokotala asathamangire kuchoka. Amene akufunika chisamaliro cha tsiku ndi tsiku kuposa makina, monga wofa ziwalo kapena amene madokotala anena kuti chatsala n'kuchepetsa ululu, kumudzi kumamukomera kuposa kachipinda ka lendi kumene anzake onse amachoka m'mamawa kupita ku ntchito.

Musanagule tikiti werengani zinthu zitatu. Ulendo wa pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena Dedza umatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo wodwala kwambiri sangaupirire. Funsani dokotala ngati angayende. Amene masiku ake anatha adzalembedwa pa chipata kuti asalowenso: chaka chimodzi ngati anapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati anapitirira kuposa pamenepo, choncho kupita kukachira n'kubwerera ku ntchito sikungatheke mwachangu. Ndipo musanyamuke chimanjamanja. Pemphani chipatala chikulembereni kalata yofotokoza matenda, zotsatira za magazi, zithunzi zimene anajambula ndi mankhwala okwanira mwezi umodzi kapena iwiri, kuti a ku Queens kapena ku Central asakayambirenso kufufuza pachiyambi. Ngati pasipoti inatayika kapena inatha, ofesi ya kazembe imapereka chikalata choyendera ulendo umodzi wobwerera kwanu, ndipo ndi bwino m'bale ayambe kuchifunsira wodwalayo akadali ndi mphamvu zokhala pa mpando wa basi.